Malume a Zuze ndi Ulimba Umene Anabwereketsa

Malume a Zuze tawaika mwezi wathawu kumtunda kwa Bangula, kumene tinasamukira madzi atatilanda mudzi. Anthu ambiri amene anabwera pamaliro ankawadziwa ngati nkhalamba youma manja, ndipo ine sindingawatsutse. Munthu uja ngakhale singano sankabwereketsa. Ukapita kukapempha nkhwangwa, ankainyamula okha nkukakudulira mtengowo mpaka thukuta kamukamu, koma kuti uigwire iweyo, iyayi. Ankati chinthu chobwereka chimakhala ndi miyendo popita pokha, pobwerera chimapuwala. Nawonso sankabwereka kanthu kwa munthu. Moto ukawazimira ankalolera kugona ndi njala kusiyana nkukapala kwa aneba.

Ine ndine Jowana, mwana wa mlongo wawo. Ndimagula nsomba zouma kuno kuchigwa nkukagulitsa ku Limbe, ndipo kudziwa maminibasi kumeneko nkumene kunandilowetsa m'nkhani iyi. Malume ndinkawakonda, koma ndinakhalanso zaka ndili nawo mangawa, ndipo ngakhale lero mtima sunatsike bwinobwino.

Anali aafupi, akuda bii, a mawu aakulu osayenera thupi lawo. Mowa sankamwa, pagulu sankaseka. Kwathu kuno maliro a munthu wamkulu timachezera ndi ulimba, choimbira chija cha timatabwa toyalidwa pamwamba pa zipanda. Ulimba ukangoyamba kulira, malume ankanyamuka mwakachetechete nkukakhala kuseri kwa nyumba atafulatira. Achinyamata ankati mdala ameneyu amadana ndi nyimbo. Sankadziwa kuti agogo awo ambiri anaperekezedwa kumanda ndi manja a mdala yemweyo.

Anali awiri, iwo ndi mng'ono wawo a Meke. Ulimba wawo anasema ndi a Meke, wa mlombwa wokadula kuphiri, thabwa lililonse kulipala kumimba pang'onopang'ono mpaka litalankhula mawu amene iwo ankafuna. Zipanda analima ndi a Lukiya, akazi a Meke. Ulimba amaimba anthu atatu. A Meke ankakhala kumatabwa aang'ono, malume a Zuze kumatabwa aakulu a mawu apansi, wachitatu ankangotola aliyense amene manja ake sanali olemera. Kuyambira ku Makhanga mpaka ku Marka, kukagwa maliro, bwato linkabwera kudzawatenga. Ndili mtsikana ndinkaona mbali ya a Meke itakumbika timaenje pomenyapo, itada ndi thukuta ngati mpini wa khasu lakale.

Chaka china kunabwera alendo a ku Blantyre pagalimoto, akuti akusonkhanitsa zoimbira za makolo zokaonetsa anthu m'tauni. A Meke anali kudambo kokagwira nsomba. Alendowo anawajambula malume, anawatcha akatswiri, nkupempha kuti awabwereke ulimbawo, adzabweza anthu akakolola. Malume mutu unakula. Anathandiza okha kuukweza pagalimoto, nkuyalira matumba kuti zipanda zisasweke panjira.

A Meke atabwerako anapeza zingwe zokha zikulendewera kudenga kumene ulimba unkapachikidwa. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, “Mwabwereka yani, achimwene? Kwawo nkuti?” Malume analibe dzina la munthu, ngakhale la dera. Ankangoti a ku Blantyre. Mmawa mwake a Meke anadula bango nkumanga mpanda pakati pa mabwalo awiriwo. Anthu anakolola, nkukololanso, galimoto osaoneka. A Meke sanasemenso ulimba wina, ankati khutu lawo linapita ndi galimoto ija. Abale a mimba imodzi anakalamba moyandikana opanda moni, ngakhale uthenga wa maliro unkadutsira mwa ana. Kuuma manja kwa malume kunayambira pamenepo.

Kenako kunabwera madzi aakulu aja. Chakudza sichiimba ng'oma. Mtsinje wa Ruo unasiya njira yake nkulowa m'mudzi dzuwa litatuluka kale, anthu tikuona ndi maso. A Meke anakweza a Lukiya ndi zidzukulu m'bwato la mnzawo, iwo nkubwerera kukamasula mbuzi m'khola. Sitinawaonenso. Amuna anafufuza m'bango masiku ambiri kutsika ndi Shire. Ena anapezeka, iwo ayi. Madzi ataphwa, pamene panali mudzi panangotsala mchenga wokhawokha. Malaya, mphasa, chipewa, mpini, palibe cha a Meke chimene tinatola.

Kwathu munthu akapita ndi madzi kapena ng'ona, thupi osapezeka, manda amakumbidwabe. Amaikamo thunthu la nthochi lokulunga m'nsalu ya mwini wake, kapena kanthu kalikonse kamene kanamwa thukuta lake. Apo ndiye anthu amalira, nkumeta, wamasiye nkumasuka. Popanda zimenezo maliro sanathe. A Lukiya kwawo nkutsidya, ku Mozambiki, ndipo mchimwene wawo anatumiza mawu kuti abwerere, munda ulipo. Koma mkazi sachoka pamudzi wa mwamuna wake maliro asanathe. Anamanga duku lakuda nkukhala, osameta, osapita kumsika, osadya paukwati wa munthu. Abusa anabwera kudzapemphera, a Lukiya anathokoza mwa kwathu kuti takhuta, koma manda ali kuti? Akuluakulu ena anati tigule nsalu yatsopano tikulungire nthochiyo, nkhani ithe. Malume anakana kwamtuwagalu. Anati nsalu ya m'sitolo siimudziwa Meke.

Mmawa wina m'nyengo yozizira ndinawapeza pakhomo panga atavala jekete la kutchalitchi, thadzi lili m'khwapa.

“Iwe Jowana, ku Blantyre kumene umapitako, nyumba zosungira zinthu zakale umazidziwa?”

“Myuziyamu? Ndimangomva, malume. Ine ndimadziwa msika ndi depoti.”

“Tiye. Ulimba uli kumeneko. Ndikufuna thabwa limodzi lokha la mbali ya Meke, basi.”

“Nanga nkhukuyi?”

“Munthu wokusungira mbuzi supita kwa iye chimanjamanja.”

Ndinafuna kuseka, koma nditayang'ana nkhope yawo ndinalowa m'nyumba kukatenga chitenje china. M'minibasi, pokwera phiri, makutu anawatseka, thadzi likulira, kondakitala akuti agogo mwalipirira awiri kodi. Kumtunda tinapeza chiperoni. Ife akuchigwa kuzizira kotere kumatilowa m'mafupa, ndipo malume ankanjenjemera mano gwagwagwa, koma chitenje changa anakana kufunda.

Tinayambira kunyumba yaikulu yodziwika, imene ana asukulu amapitako. Bambo wina wakumeneko anamvetsera nkhani yonse moleza mtima, natizungulitsa pa zoimbira zonse zimene anali nazo. Wa a Meke panalibe. Anati tiyese tinyumba ting'onoting'ono, tilipo m'tauni muno, ta matchalitchi, ta makampani akale, ta anthu wamba.

Ine ndayenda m'Blantyre zaka zambiri dengu lili pamutu, koma sindinkadziwa kuti kuseri kwa mipanda imene ndinkadutsa kuli zipinda zimene zinthu zimangokhala osagwira ntchito. Choyamba chinali kuseri kwa tchalitchi china chakale. Mayi wosesa anakatitengera kiyi. Munali belu long'aluka, bokosi la mankhwala la mzungu wina wakalekale, mabuku odyeka ndi njenjete, ndi unyolo umene akuti ankamangira akapolo. Malume anavula nsapato pakhomo, nkuomba m'manja kunena odi, chonsecho munalibe munthu. Pakhoma panali chithunzi cha anthu akwathu a m'mbali mwa Shire, opanda malaya, atasenza nkhuni za sitima ya pamadzi. Anaima pamenepo nthawi yaitali akuyang'ana nkhope imodziimodzi.

“Awa onse ali ndi manda?” anandifunsa.

Ndinati sindikudziwa, tiyeni kukuda.

Kwina inali nyumba yosanja ya kampani yakale, yonunkhira polishi. Mlonda anakana kuti nkhuku ilowe, ndiye ine ndinatsala nayo panja. Malume anatuluka msanga. Anati mmenemo asunga masikelo a thonje, mfuti zadzimbiri ndi mipando ya mabwana, koma wolima thonjeyo ngakhale khasu lake mulibe. Kwina tinapeza loko pachitseko, mlonda akuti mwini wake amabwera akafuna. Tinakhala pamwala kudikira mpaka miyendo inachita dzanzi, kenako tinakagona kwa mnzanga ku Bangwe. Malume sanalawe kanthu.

Chimene chinkandipweteka pa ulendo wonsewo nchakuti paliponse pamene tafika, malume ankayamba nkhani kuchiyambi, osadumpha. Kwa mlonda, kwa wosesa, kwa mtsikana wa pakauntala amene maso anali pafoni, ankanena momveka kuti, “Ndinabwereketsa ndine. Mwini wake kunalibe.” Mawu amenewa a Meke anawadikira mpaka madzi anawatenga, ndipo sanawamve. Tsopano ankamwazidwa kwa anthu osawadziwa nkomwe. Ndinkachita manyazi, ndinkachitanso chisoni.

Safunsa anadya phula. Tsiku lotsatira munthu wina wogulitsa ziboliboli m'mbali mwa msewu anatilozera nyumba ina kumtunda kwa phiri, ya bambo amene ankasonkhanitsa zoimbira. Anati mwini wake anamwalira, koma mwana wake wamkazi amatsegulirabe alendo. Tinakwera wapansi, malume akupumira m'njira. Anatilandira mayi wachitsikana, waulemu wake, nkutitsegulira galaja imene anaisandutsa chipinda choonetsera. Munali mwaukhondo. Ng'oma zinali m'mbali, bangwe ndi kaligo pakhoma, ndipo pakati penipeni panali ulimba.

“Ndi uwu,” anatero malume. Anauzindikira ndi mfundo ya pathabwa lalikulu, la mbali yawo.

Koma unkawala ngati tebulo la m'hotela. Mayi uja ataona kuti tayima duu, anayamba kufotokoza monyadira.

“Bambo atamwalira tinaupeza wada kwambiri, agogo, mbali iyi yokumbikakumbika. Ndinaitana kalipentala, anaupala bwinobwino ndi sandipepa nkuupaka vanishi. Zingwe ndi zipanda nzatsopano, zakale zinafumbwa. Ana asukulu amaukonda kwabasi.”

Malume sanayambe nkhani yawo ija. Ndinafotokoza ndine chimene tabwerera, za madzi, za a Lukiya ndi duku lawo. Mayi uja anagwira pakamwa, misozi ili lengelenge.

“Tengani, agogo. Thabwa lililonse limene mukufuna, ngakhale wonsewu. Bambo sanatiuze kuti unali wobwereka.”

Mtima wanga unakhala m'malo. Ndinati basi, zatheka. Malume anagwada kumatabwa aang'ono, mbali ya mng'ono wawo. Anatsinzina nkumayendetsa zala pathabwa lililonse, kuchokera uku kufika uko. Anaweramira pansi kuyang'ana kumimba kwake, nako kunali kopala ndi kopaka. Ananunkhiza. Anagogoda limodzi ndi chala, linangoti gu.

“Timitengo toimbira tija, ta mphira kunsonga?”

“Sitinatipeze, agogo.”

Anadzuka movutikira, nkulanda thadzi m'manja mwanga, nkulipereka kwa mayi uja ndi manja awiri.

“Takhuta, mwanangu. Mwausunga, mvula sinaugwere.”

Anavala nsapato zawo nkutuluka. Ine ndinawathamangira, nkuwapeza pamsewu.

“Malume, mutu ukuyenda bwino? Akupatsani okha! Tengani thabwa limodzi, ndani akadziwe?”

“Meke mulibe mmenemo.”

“Koma anasema ndi iwo!”

“Chimene Meke anasema chinapita ndi fumbi la kalipentala.”

“Ndiye a Lukiya afere m'duku lakuda chifukwa cha vanishi?”

“Ndinam'lakwira ali moyo. Ndikam'namizenso atafa? Nkhabe, sindingatero.”

Ndinalankhula mawu oti mwana salankhula kwa malume ake. Ndinati ndi matama omwe aja amene anakweza ulimba pagalimoto, angosintha malaya. Ndinati akufa safunsa za sandipepa, wovutika ndi wamoyo. Pobwerera kwathu paminibasi tinatsika phiri lonse iwo akuyang'ana pawindo chigwa chathu chili tetete kumunsi. Mpaka pano ndimaganiza kuti mbali ina ndinkanena zoona.

A Lukiya tinawapeza atakhala panja akusenda nyemba. Anayang'ana manja a malume, anayang'ana anga, nkunyamula lichero kulowa m'nyumba. Nditawafotokozera ndinati ndikhoza kubwererako ndekha kukatenga thabwalo. Anati kanthu kamene mkulu wa malemu wakakana sikalowa m'manda, ngakhale nditabwera nako pangolo. Kuyambira tsiku limenelo anasiya kupereka moni kwa alamu awo. Mpanda wa bango unapita ndi madzi, koma wina unamera pamalo atsopano.

Zaka zinapita. Mchimwene wa a Lukiya kutsidya kuja anamwalira, ndipo sanapite kumaliro ake. Munda uja ana a malemuwo anagawana. Malume ankalawirira kukalima m'munda mwa mlamu wawo, nkumasiya nkhuni pakhomo pawo. A Lukiya nkhunizo ankasonkha, chimangacho ankadya, koma pakamwa tsekeni. Madzulo malume ankakhala pakhonde la kanyumba kawo, kamene kanayang'anizana ndi khomo la a Lukiya. Sankaitana, sankapepesa, ankangokhala. Ine ndinkati akudzilanga pomwe wolangika ndi wina, ndipo ndinkawauza pamaso.

Chaka chino miyendo inayamba kutupa. Kuchipatala anatipatsa mankhwala, koma anatiuza kuti mtima watopa. Masana ena anandituma kukaitana a Lukiya ndi akuluakulu awiri a pabanja. Akuluakuluwo analowa nkukhala pansi. A Lukiya anaima pakhomo, osalowa.

“Mlamu,” anatero malume ali chigonere, “ndalonga ndi mtima wanga, ndakambirana nawo nthawi yaitali. Chinthu cha Meke chilipo chimodzi. Ndine. Tinayamwa bere limodzi, tinagona mphasa imodzi. Minga ankandizula ndi iye, tsitsi ankandimeta ndi iye. Thukuta lake landigwera paulimba zaka zonse zija. Ine kalipentala sanandipale. Mukamandiika, muitane maina awiri. Inu mumete.”

Mmodzi wa akuluakulu aja anakanda m'mutu. “A Zuze, zoterezi sizinachitikepo.”

“Madzi otere anachitikapo?”

Malume anatembenuza mutu kuyang'ana pakhomo.

“Ndakuchedwetsani, mlamu. Ndachedwa kufa.”

A Lukiya anati, “Mwachedwadi, alamu.” Analowa, nkutunga madzi mumtsuko, nkuwadzutsa mutu kuti amwe. Anawasamala ndi iwo mpaka tsiku lomaliza.

Akuluakulu anakangana, ena akuti nzachilendo, ena akuti chibale ndi fupa, sichiola. Pamapeto pake anavomera. Manda anakumba amodzi, bokosi linali limodzi, koma pamanda mkulu wolankhula anaitana Zuze, nkuitananso Meke, nkuwauza onse awiri kuti agone. Apo ndi pamene a Lukiya analira, kulira kumene kunadikira zaka zonsezo, mpaka amayi anachita kuwagwira. Pa tsiku lometa lumo linali m'manja mwanga. Nditamasula duku ndinapeza tsitsi lonse layera, lapotana nkugwirana, moti linachoka ngati chisa chimodzi. Anagwira m'mutu mwawo ndi manja onse awiri. Tsopano ngomasuka, akhoza kupita kulikonse, koma kutsidya kulibenso wowalandira.

Kanyumba ka malume kali chitsekere, chitseko tinamanga ndi luzi. Nkhwangwa ija anatenga mdzukulu, ndipo yayenda kale m'manja ambiri. Pakhonde, pamene ankakhala madzulo, dothi linalowa pansi nkusiya kadzenje, ndipo kutsogolo kwake kuli tiwiri ting'onoting'ono ta zidendene. Sabata yatha ndinabwera ndi dothi lonyowa m'beseni kuti ndizire khondelo lisagumuke. Ndisanagwade, ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

“Apo ayi, Jowana. Pasiye.”

Anali a Lukiya, mutu uli pamtunda, tsache m'manja. Mmawa uliwonse amasesa bwalo la alamu awo, ndipo akafika pakhondepo tsache limazungulira. Udzu wa denga pamwamba pake unatha, dzuwa limalowa. Mitambo yayamba kale kusonkhana kumapiri a kutsidya, ndipo mvula yoyamba sidzafunsa a Lukiya.